Disembala wa ku Durban ndi mawu amene timachita nawo manyazi

Kuno ku Durban, Disembala amayamba kumveka pa 16, tsiku la tchuthi limene eni dziko amalitcha la chiyanjanitso. Pofika tsikuli makampani a zomangamanga amakhala akutseka, ana atsekera sukulu, ndipo msewu wa N3 umathithikana ndi magalimoto ochokera ku Gauteng, onse kutsetserekera kunyanja. Mahotela a m'mbali mwa gombe la Golden Mile amadzaza, ku uShaka Marine World mizere imatalika, mzinda wonse umanunkhira nyama yootcha. Kwa alendowa ndi nthawi yopumula. Kwa ambiri a ife amene tidachoka ku Mangochi, Machinga, Dedza, Chipata kapena Angonia kudzasaka ganyu, palibe mwezi wolemera kuposa uno. Ndife timatsuka mbale m'malesitilanti, kusenza katundu m'mashopu a mumsewu wa Dr Yusuf Dadoo, kusoka zovala mpaka usiku, ndi kulondera nyumba za mabwana amene apita kokayenda. Ntchitoyo ikangotha, timakwera basi ya kumudzi titatopa kale, kukayamba ntchito ina yokondweretsa abale.

Msuweni wanga wina, amene tinkagona nyumba imodzi, adagwira ntchito m'shopu ina chaka chatha kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka pa 22 Disembala, osapumulako ngakhale Lamulungu limodzi. Ndalama zitaperewera, adakongola R3,000 kwa wakatapila, amene kuno amati mashonisa, pa mgwirizano woti akabweze R4,500 pakutha pa Januwale. Adagula mabulangete, nsapato za ana a mlongo wake, mafoni awiri ndi sipika yaikulu. Panjira adatha masiku atatu. Kumudzi adakhalako masiku 9, ndipo tsiku lililonse pakhonde pamakhala munthu wobwera ndi vuto lake. Adabwerera kuno m'thumba muli gwa. Patapita sabata adayamba kunjenjemera ndi kumva mutu, koma ankati ndi kutopa chabe, napitiriza kupita kuntchito mpaka tsiku limene adagwa. Adali malungo. Atatuluka m'chipatala adapeza kuti pamalo pake alembapo wina, ngongole ija nayo yabereka. Nditamufunsa chifukwa chimene sadauzire abale kuti chaka chimenecho zinthu sizidayende, adandiyang'ana nati: "Asuweni, ndikadawauza chiyani? Akadati ndayamba kudzikonda."

Mawu akuti kudzikonda ndi amene andichititsa kulemba izi. Amene timaphunzira za ziyankhulo timadziwa kuti mphatikiri wa -dzi- amabwezera ntchito ya mneni kwa mwini wake yemwe waichita. Tsono tayesani kundandalika aneni otere amene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, muone mmene agawikira. Mbali ina kuli kudzikonda, kudzikuza, kudzikweza, kudzitama, kudzimva, kudzitukumula ndi kudzikundikira. Onsewa amanena za munthu amene wadziwonjezera kanthu, ndipo onse ndi achitonzo. Mbali inayo kuli kudzichepetsa, kudziletsa, kudzimana, kudzikana ndi kudzipereka. Awa amanena za munthu amene wadzichotsera kanthu, ndipo timawalalikira m'matchalitchi ndi kuwatchula poyamikira malemu pamaliro. Ngakhale kudzidalira, kumene timakuyamikira, timakukonda makamaka chifukwa munthu wodzidalira salemetsa anzake. Mneni wakuti kukonda ndi wokoma paliponse, koma akangolandira -dzi- amasanduka mlandu.

Chiyankhulo sichilamula munthu zochita, koma chimasunga zimene mtundu wakhala ukuyamikira ndi kudzudzula kwa zaka zambiri. Chathuchi chikuonetsa kuti makolo athu ankaopa kwambiri munthu wodya yekha, ndipo adali ndi zifukwa zomveka, poti pamudzi wodalira mvula munthu wotere ndi ngozi kwa onse. Vuto ndi lakuti mantha omwewo aphimba mneni wina amene alibe mlandu, wakuti kudzisamalira. Mawuwa timawamva pa wailesi m'mauthenga a zaumoyo, monga muja zinkakhalira pa nkhani ya Edzi ndi Covid-19, mwakuti amamveka ngati a pachikwangwani cha kuchipatala. Pakati pa abale sitiwatchula kawirikawiri. Ganizo langa ndi lakuti m'Disembala muno tiwabweze mawuwa m'nyumba zathu, ndipo tileke kuwasokoneza ndi kudzikonda. Wodzikonda amamana ena pamene iye ali nazo. Wodzisamalira amasunga thupi, mutu ndi ntchito zimene abale omwewo adzazifunabe mu Febuluwale ndi Malichi.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti izi ndi nzeru za anthu okhuta, ndipo sindimutsutsa msanga. Zosowa za kumudzi m'mwezi uno ndi zenizeni. Mvula yagwa, chimanga chamera, chikufuna feteleza, pamene nkhokwe zambiri zayamba kale kuoneka pansi. Januwale akubwera ndi fizi ya ana. Chichitikireni kuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse yotumizidwa kuchokera kuno idasanduka mzati wa mabanja ambiri. Mayi amene akuimba foni kupempha ya feteleza sakusewera. Ndiponso mwambo woti wa ku Joni abwere ndi katundu si wa lero. Agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, kenako ku TEBA, ankabwera ndi njinga, wailesi, suti ndi bokosi la zovala, ndipo mudzi unkayeza ulendo wonse poona katunduyo. Ngakhale ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 ndi kupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi, boma n'kuletsa ulendowo kwa kanthawi, chithunzi cha munthu wobwera ndi katundu sichidafufutike. Pambali pake padaima chithunzi china chochititsa manyazi, cha mtchona, amene adapita osatumiza kanthu, osabwerera. Ambiri a ife timathamanga m'Disembala pothawa dzina limeneli.

Komatu pali kusiyana pakati pa chosowa ndi chionetsero, ndipo ngongole zambiri za mwezi uno zimabadwa ku chionetsero. Thumba la feteleza ndi chosowa. Sipika yaikulu yoti amve a tsidya lina la mtsinje kuti uje wabwera ndi chionetsero. Mpunga, nkhuku, buledi ndi Fanta pa Khirisimasi ndi chisangalalo choyenera, chimene ana amachikumbukira moyo wonse. Kugulira mowa mudzi wonse kwa sabata yathunthu ndi msonkho umene palibe adakulamulani. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pa Chichewa timati katapila, anzathu a ku Zambia amati kaloba, kuno amati mashonisa, koma chilombocho ndi chimodzi, ndipo chimanenepa mu Disembala n'kudya anthu mu Januwale. Munthu amene wakhala pansi mwezi usadafike, n'kulemba ndalama ya lendi ya Januwale, ya thiransipoti yobwerera ndi ya chakudya cha masabata awiri oyamba, n'kuziika padera asadagule mphatso ngakhale imodzi, wachitira abale ake chifundo chachikulu kuposa wobwera ndi zikwama zisanu. Ena aona kuti chaka china n'kwanzeru kutumiza ndalama ya ulendo ija kudzera ku Mukuru kapena njira zina zotere, kuti igule feteleza, iwo n'kudzapita kumudzi nthawi yokolola, mabasi atatsika mtengo ndiponso pamalire pasali piringupiringu. Kumeneko si kutchona.

Za thupi pantchito, ndi bwino tidziwe zimene lamulo la dziko lino limanena, ngakhale tikudziwa kuti si mabwana onse amalitsata. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 45, maola owonjezera akhale ogwirizana ndipo asapitirire 10 pa sabata, ndipo alipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma, monga pa 16, 25 ndi 26 Disembala kapena pa 1 Januwale, ayenera kulandira malipiro owirikiza kawiri. Sabata iliyonse munthu ayenera kupumula maola 36 otsatizana, ndipo pa chaka ali ndi masiku 21 otsatizana a tchuthi. Mu 2008 khoti loona za ntchito lidagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA. Sindikunamiza munthu kuti n'zophweka. Amene mapepala ake adatha amaopa ngakhale kutsokomola pamaso pa bwana. Komabe kudziwa kuti tsiku lopuma si mphatso ya bwana kumasintha mmene munthu amapemphera tsikulo, ndipo antchito asanu akapempha pamodzi amamveka kuposa mmodzi.

Pa mfundo ya kupuma chiyankhulo chathu chili kumbali yathu. Mneni mmodzi yemweyo, kupuma, amanena za kukoka mpweya ndiponso za kuleka ntchito kwa kanthawi. Eni dziko lino ali ndi mawu apachibale, ukuphumula, ndipo kummwera kwa Durban kuli kagombe kotchedwa Pumula, monganso dera lina la ku Bulawayo kumene kuli abale athu ambiri. Makolo amene adaika mpweya ndi mpumulo m'mawu amodzi sadaone kupuma ngati ulesi. Munthu amene wagwira ntchito masabata asanu ndi awiri osapuma, m'chinyezi ndi kutentha kwa Durban, akugona maola anayi m'kachipinda ka malata, akukwera basi thupi lake litafooka kale.

Ulendowo nawo si wamasewera. Kuchoka ku Durban kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 2,000, kudzera ku Johannesburg, n'kuoloka malire atatu: Beitbridge, Nyamapanda, ndi Zobue polowera ku Mwanza, mutadutsa Zambezi pa Tete. Pa Beitbridge m'masiku oyandikira Khirisimasi munthu angathe kuima padzuwa maola ambiri. Nduna ya zamtengatenga ya South Africa, Barbara Creecy, idalengeza mu Januwale 2025 kuti anthu 1,502 adafa pa ngozi za pamsewu m'nyengo ya zikondwerero imene idangotha. Kuthamanga si kufika. Galimoto yodzaza katundu mpaka padenga, yokoka ngolo, yoyendetsedwa ndi dalaivala mmodzi usiku ndi usana, ingakhale yotsika mtengo, koma funsani ngati pali madalaivala awiri musadalipire. Nyamulani madzi okwanira. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya otalikitsa moyo, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a TB, pitani kuchipatala kusadatsale masiku ochepa, mukapemphe okwanira ulendo wonse ndi kalata yosonyeza mankhwala amene mumalandira, ndipo muwasunge m'chikwama cha m'manja. Ambiri amadukiza mankhwala kumudzi poopa kuti abale awaona akumwa. Manyazi amenewo ndi okwera mtengo kuposa katapila.

Nkhani ya malungo ndiibwereze, poti ndi imene idagwetsa msuweni wanga. Mumzinda wa Durban mulibe malungo. Munthu akakhala zaka zingapo kumalo kotere, chitetezo chimene thupi lake lidazolowera ali kwawo chimachepa, pamene iye akudziyesabe mwana wa kunyanja amene udzudzu umamudziwa. Tsono amafika ku Mangochi, Salima kapena Mutarara m'nyengo ya dzinja, pamene udzudzu wachuluka, n'kumacheza panja mpaka pakati pa usiku. Gonani m'neti. Mukabwerera kuno, thupi likatentha m'masabata otsatirawo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze madokotala kumene mudapita, chifukwa sangaganizire malungo msanga pa munthu wokhala mu Durban. Ndikudziwa kuti m'chaka cha 2025 magulu ena ankaima pazipata za zipatala zina za mumzinda muno kubweza alendo, ndipo ambiri adachita mantha. Komabe gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Pitani ndi mnzanu, ndipo musadikire mpaka kugwa.

Otsala kuno nawo ali ndi zawo. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale magombe a Durban amadzaza moti mchenga suoneka. Amene tidakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi timadzitama kuti timadziwa kusambira, koma nyanja ya mchere ili ndi mikokomo ya madzi imene imakokera munthu pakati mwakachetechete. Sambirani pakati pa mbendera zimene opulumutsa anthu azika, ndipo amene walawa mowa asalowe m'madzi. Za mowawo ndinene poyera: ambiri a ife sitimwa chifukwa cha chimwemwe. Timamwa chifukwa tsiku la Khirisimasi kachipinda kamakhala zii, pafoni tikuona zithunzi za ana athu atavala zovala zimene tidatumiza, ife kulibe. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri mwa Amalawi a mumzinda muno, sakondwerera Khirisimasi, koma mashopu akatseka ndi anzawo akapita, kusungulumwa kwake n'komweko.

Tisaiwalenso kuti timalowa m'Disembala titasenza kale katundu wosaoneka. Ena mwa ife adagona m'misasa ya ku Isipingo ndi Chatsworth mu Epulo 2015. Ena adathawa ku Burnwood mu Malichi 2019. Ena adataya zonse pa madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene adapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Munthu wokhala ndi mantha chaka chonse, n'kuwonjezapo ngongole, kusowa tulo ndi mafoni a kumudzi, mutu wake umalema monga umalemera msana. Anzathu a ku Zimbabwe adautcha mtolo umenewu kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopitirira, ndipo dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, adayambitsa ntchito ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi kumvetsera anthu ovutika maganizo. Mankhwala ake oyamba ndi khutu la munthu wina. Ifenso tili ndi mipingo, mizikiti ndi magulu othandizana pamaliro. Gulu limene limatha kusonkha ndalama zotumizira mtembo kumudzi lingathenso kuphika mphika umodzi wa nsima pa 25 Disembala, kuti pasakhale wodya yekha. Ndipo amene maganizo amufikitsa poganiza zodzichotsera moyo, bungwe la SADAG lili ndi nambala yaulere, 0800 567 567, imene angaimbe usana kapena usiku.

Chiyankhulo chathu chidatisiyira kale khomo lonenera zoona mwaulemu. Munthu akafunsidwa kuti "Mwadzuka bwanji?" angathe kuyankha kuti "Ndadzuka pang'ono," ndipo wofunsayo, ngati adaleredwa bwino, amadziwa kuti ayenera kukhala pansi ndi kufunsa chavuta. Kumudzi mlendo ankapatsidwa mpando ndi madzi, kenako malonje, pamene ankafotokoza za ulendo wonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Pafoni malonje tidawadula. Tatsala ndi "Ndili bwino, kaya inu?" kenako nkhani ya ndalama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati sitinena kuti lendi yakwera, kuti maola atidulira, kuti mwezi uno tidadwala, abale apitiriza kukhulupirira zithunzi zimene timajambulitsa titatsamira galimoto za eni ake. Bodza limeneli tidalimanga tokha, ndipo ndife tingaligumule. Mawu oti "Amayi, chaka chino ndikwanitsa feteleza ndi fizi, koma kubwera sinditha" ndi olemera pakamwa ulendo woyamba wokha.

Kwa inu amene muli kumudzi, ku Lilongwe, Katete, Ulongwe kapena Lichinga, amene mukuyembekeza mwana, mlongo kapena bambo wa ana kuchokera kuno, pempho langa ndi laling'ono. Mukamuimbira, yambani mwafunsa ngati wadya ndi ngati akugona bwino. Akafika, mpatseni tsiku limodzi logona asadayambe kuweruza milandu ya pabanja ndi kuyendera achibale onse. Mpachikireni neti. Akatulutsa mankhwala, mpatseni madzi osamufunsa mafunso pagulu. Akanena kuti ndalama zathera apa, mkhulupirireni, ndipo mukaona kuti akumwaza ya ulendo wobwerera, mletseni ndinu. Pa tsinde lomwe lija la kusamala, chiyankhulo chathu chimapanga kudzisamalira ndiponso kusamalirana, ndipo mphatikiri wa -an- amafuna kuti ntchitoyo iyende mbali zonse ziwiri. Thandizo likamayenda njira imodzi yokha chaka ndi chaka, kuchoka ku Durban kupita kumudzi, dzina lake ndi lina.

Msuweni wanga uja adapeza ntchito ina mu Epulo, ndipo ngongole ija adamaliza kubweza mu Juni, itafika pafupifupi kawiri ndalama imene adatenga. Chaka chino sapita. Adaimbira mayi ake mu Okutobala n'kuwafotokozera zonse, kuyambira za katapila mpaka za kuchipatala, zimene adawabisira chaka chathunthu. Akuti mayiwo adakhala chete kanthawi, kenako adamukalipira chifukwa chowabisira matenda, osati chifukwa cha ulendo. Feteleza adatumiza mvula isadagwe. Pa 25 tidzaphika nsima ndi nkhuku kunyumba kwathu, ndipo tauza anyamata atatu a chipinda choyandikana nafe kuti abwere ndi mbale zawo.